Mizere Iwiri mu Mdima

Fulashi ya kamera inang'anima kamodzi kokha, nyimbo ya maliro n'kudukira pakati.

Amayi onse amene anadzaza pabalaza m'nyumba ya malemu Kabaso Ngosa, ku komboni ya George, anatembenuka nthawi imodzi. Taonga anangoti chilili pakona, kamera ili m'manja, nkhope ikutentha ndi manyazi.

"Iwe, apa ni pa ukwati?" anakalipa mayi wina wojintcha, wovala yunifolomu ya mpingo. "Ife tilira munthu, iwe utimenya na mphenzi mu maso?"

"Pepani, amayi. Chala chinaterereka."

Sanali kunama. Iyi inali ntchito yake yoyamba kuigwira yekha. Kwa miyezi isanu anakhala akuphunzira kujambula kwa a Edwell Chabwera, mkulu wa situdiyo yakale ya ku Lilanda, amene maso awo anali atayamba ng'ala. Mwana woyamba wa malemu, Kumbu, anali ku Joni ndi pakati potopa, ndipo madokotala anamuletsa ulendo. Anapempha kuti wina amujambulire mwambo wonse woika bambo ake. Amene anatchula dzina la Taonga anali Tiza, mng'ono wa namfedwa, mnzake kuyambira masiku amene ankaluka limodzi tsitsi mu saluni ya ku Matero.

Kumanda kunali kosavuta, poti kunali kowala. Vuto linayamba anthu atabwerera kunyumba. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, makatani anali otseka, ndipo kunja kunali mitambo ya mu Juni. Lamulo la a Edwell linali limodzi: "Pamaliro fulashi ayi. Tsegula diso la kamera mpaka kumapeto, tsamira khoma, gwira mpweya." Taonga anatsatira lamuloli pa zithunzi makumi anayi, n'kulilakwira pa chimodzi.

Nyimbo inayambanso. Iye anatuluka mwakachetechete kukajambula abambo mu tenti.

Cha m'ma faifi, m'nyumba munamveka mfuu yomwe sinali ya maliro.

A Mpundu, mkulu wake wa malemu amene anachokera ku Kitwe, anali atalamula kuti mapepala a nyumba atulutsidwe, achibale awaone msonkhano wa banja wa m'mawa mwake usanafike. A Gloria, namfedwa, anatuma Tiza, chifukwa ndiye ankasunga kiyi wa loko ya kuchipinda pa chingwe m'khosi mwake. Tiza anatsegula loko, anatsegula wadulopu, napeza envulopu yaikulu ya khaki mulibe.

"Loko siinathyoke!" a Mpundu ankafuula atamugwira Tiza pamkono. "Kiyi ni umodzi, uli pa mukosi pako. Iwe na mukulu wako mufuna kubisa nyumba ya mubale wanga! Awe, tizaonana ku polisi."

Taonga anayesa kudutsa m'khamulo, koma anthu anamukankhira kumbali. Chomaliza chimene anaona chinali Tiza akukwezedwa m'galimoto, silipasi imodzi itatsala pa fumbi.

*

Taonga anawapeza a Edwell akutseka mazenera a situdiyo, dzuwa lisanalowe. Kumenekonso kunalibe magetsi, ndipo laputopu inali ndi moto pang'ono, moti Taonga anafulumira kutsitsa zithunzi.

"Usathamange," anatero mkuluyo m'Chichewa chake cha kwa makolo ake ku Dedza, akusendezera galasi lokulitsira pafupi ndi diso. "Kamera imalemba nthawi. Tiyambe ndi zimene chitseko cha kuchipinda chikuoneka."

Zinalipo zinayi, chifukwa pakona pamene Taonga anaima panayang'anizana ndi kanjira ka m'nyumba kopita kuchipinda ndi kukhitchini. Pa 15:42 chitseko chinali chotseka, loko ikulendewera. Pa 15:49 pachitseko panali chinthu chonga utsi wakuda.

"Ichi ninaononga," anatero Taonga. "Ninagwedezeka."

"Sunagwedezeke. Taona amayi okhala pansiwa, ngakhale mikanda yawo ikuwerengeka. Mumdima diso la kamera limachedwa kuphethira. Wokhala chete amatuluka bwino, woyenda amasanduka utsi. Utsi uwu ndi munthu."

"Nanga nkhope yake?"

"Palibe. Pita kutsogolo."

Chotsatira chinali cha 15:51, chija cha fulashi. A Edwell anatsitsa galasi, namuyang'ana.

"Unawaomba fulashi anthu olira?"

"Mwangozi, ba Edwell."

"Tidzakambirana tsiku lina." Anabwezera galasi pa diso. Nkhope za amayi a kutsogolo zinali zoyera mbuu, diso lililonse likuoneka, koma kumbuyo kwawo kunali bii. "Waona? Fulashi imafika mapazi atatu kapena anayi basi. Imakupatsa za pafupi, n'kukulanda za kutali. Koma taima. Ichi n'chiyani?"

Mumdima wa kanjira kaja munali mizere iwiri yowala ngati siliva, yaifupi, yopendekeka.

"Ni dothi pa lenzi?"

"Dothi siliwala. Iyi ndi mizere ija amasokera pa zovala za ogwira ntchito m'mafakitale. Imabweza kuwala komwe kwachokera, ngakhale patali. Ndawajambula anthu a ku Heavy Industrial zaka makumi atatu, ndimaidziwa."

"Ndiye ni mwamuna! Anzawo ba malemu ba ku nchito banabwera na ma yunifomu."

"Ukuthamanganso. Munthu akavala jekete, mizere imagona mopingasa pachifuwa, kapena imazungulira mikono. Iyi yapindika, ndipo ili m'chiuno. Jeketeyi sinavalidwe, mwana wanga. Yakulungidwa, ndipo munthu waipanira m'khwapa."

Chithunzi chachinayi chinali cha 15:58. Chitseko chinali chotseka, loko ili m'malo mwake. Taonga anali asanachiyang'anitsitse pamene laputopu inazima.

*

M'mawa mwake anafika ku polisi isanakwane seveni. Sajeni Lombe, mayi wamfupi wa mawu okhuthala, anayang'ana zithunzizo pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera osaonetsa chidwi.

"Utsi na vimizere. Nizapeleka utsi ku khoti?"

"Nifuna chabe kumufunsa Tiza funso limodzi."

Tiza anatulutsidwa maso atatupa, atafunda chitenje chomwe wina anamubwereka. Ankalankhula mothamanga, mawu akuphana.

"Taonga, sininatenge, nilumbira. Kiyi sininavule olo posamba. Ninalowa kuseni, m'mamawa, kutenga nsapato za ba sisi, envulopu inalipo, ninaiona na maso yanga..."

"Mu chipinda muja munali chovala cha mizere yowala?"

Tiza anagwedeza mutu kuvomera. "Jekete ya ba mulamu ya ku nchito, ya buluu. Inali pa nsomali kumbuyo kwa chitseko. Ba sisi banakana kuti tiichosepo."

"Pamene unalowa mazulo, inalipo?"

Mtsikanayo anatseka maso. Atawatsegula, mawu ake anali atatsika.

"Nsomali inali chabe."

Sajeni Lombe anasiya kulemba. Anatenganso kamera ija, nayang'ana nthawi yaitali, kenako anavala chipewa.

"Iwe wa vithunzi, tiye. Koma pakamwa utseke, ofunsa ni ine."

*

Kuseri kwa nyumba ya maliro amayi anali kutsuka miphika. Mayi wa yunifolomu ya mpingo uja, amene dzina lake linali Cathrine, sanadikire kufunsidwa kawiri.

"Ine ba sajeni nimaona vonse, mufunse aliyense mu George muno. Uja mwana Tiza banamunamizira. Kuchokera pamene tinabwera ku manda anali pano pa mbaula, kupakula, kutumikira, olo kukhala pansi sanakhale. Ine ninamusiya pano pamene ninalowa mukati kuyambisa nyimbo, chifukwa aba ba ku Kitwe nyimbo zathu sibaziziba, bamangoguza mawu monga..."

"Munakhala pati mukati?"

"Pafupi na ba Gloria, kuzanja lamanja. Ni ine ninabagwira pamene banakomoka. Ndiye uyu," analoza Taonga ndi chikombe, "anatimenya na chimalaiti chake."

"Ku lamanzere kunali ndani?"

"Ba Chibwe, balongosi ba malemu. Malo yao ni yamene yaja kuchokera siku loyamba."

Sajeni ndi Taonga anawapeza a Mpundu mu tenti, atavala suti yakuda, akuyang'ana wotchi. Analankhula mosadzuka pampando.

"Mukwai, ine ninapita ku maliketi kugula malasha na ba dikoni babili. Tinachoka fifitini awazi, tinabwela sikisitini sate. Bafunseni. Manje imwe mufunsa ine, kawalala muli naye kale?"

"Malemu banalibe kiyi wao wa ku chipinda?"

"Banali nao, pa mpukutu wa makiyi ya ku nchito."

"Uli kuti?"

A Mpundu anakweza mapewa. "Vinthu vake va ku chipatala banapasa sisita wanga Chibwe mu pulasitiki. Foni, lamba, vonse. Ni eve anamulindilila masiku yotsiliza." Atangotero anakhala ngati adzimva okha, ndipo nkhope inasintha. "Koma musayese. Musayese kunyoza banja yathu. Basi yathu inyamuka twelofu, palibe azagwila chola cha muntu."

A Chibwe anali pakhonde, mayi wamtali wowonda, wa duku lakuda, manja atawapinda pamiyendo. Sanamuyang'ane sajeni. Mawu awo anali ochepa ndi ozizira.

"Ninali mukati."

"Nthawi yonse?"

"Nthawi yonse. Pafupi na mulamu wanga."

"Simunachokepo olo pang'ono?"

"Nachoka bwanji, mubale wanga ali mu manda? Olo pamene uyu anayasha chimalaiti chake, ninali pamene paja. Chinanilasa mu maso."

Taonga anayatsa kamera, napeza chithunzi cha 15:51, n'kuchipereka kwa sajeni. Fulashi inali itagwira nkhope iliyonse ya kutsogolo. A Gloria analipo, mutu uli paphewa la a Cathrine. Kumanzere kwawo kunali matiresi opanda munthu, ndi kabuku ka nyimbo kovundikira.

Sajeni Lombe anatembenuzira kamera kwa a Chibwe.

"Nionetseni pamene muli."

Mayiyo anayang'ana kamodzi, nabweza maso kumsewu.

"Kapena ninapita ku chimbuzi. Ni mulandu?"

"Makiyi ya malemu yali kuti?"

"Ninataya pulasitiki yonse. Inali kununkha chipatala."

*

Sajeni anamukokera Taonga pambali pa thanki ya madzi.

"Banama, naona. Koma bodza si envulopu. Vola va balendo, vikwama vao, vili mu sitolo umo, vopitilira makumi yatatu. Nilibe pepala yosechera, ndipo nikayamba kutsegula vola va banthu olira popanda chogwira, pano pazabuka nkhondo. Ikakwana twelofu, vonse vikwera basi."

Nthawi inali itadutsa kale leveni. Kutsogolo kwa nyumba minibasi inali itafika, kondakitala akumasula zingwe za pa kalavani.

"Nipempha chabe niime pa chitseko cha sitolo," anatero Taonga. "Sinizagwira kanthu."

Sitoloyo inali kachipinda kopanda zenera, kogundana ndi khitchini. Magetsi anali asanabwerebe. Zikwama zinali zitaunjikidwa mpaka kudenga, zambiri zili zija zazikulu za pulasitiki yoluka, zofanana ngati mapasa. Fungo la kapenta ndi sopo linali thoo.

Chizolowezi cha miyezi isanu chinamutsogolera. Anatsegula diso la kamera mpaka kumapeto, natsamira mphuthu ya chitseko, nagwira mpweya. Chithunzi chinatuluka chabwino ndithu, mulu wa zikwama zotuwa, koma sichinanene kanthu.

Kumbuyo kwake kunamveka mawu a a Mpundu. "Uyu afuna chani kuno? Chokapo! Banyamata, yambani kunyamula."

Amuna awiri anali akubwera kale. Taonga anakanikiza kabatani kaja kamene dzulo lake kanamuchititsa manyazi, ndipo fulashi inadzuka pamwamba pa kamera. Anajambula kumanzere. Anajambula pakati. Dzanja la a Mpundu linamugwira paphewa pamene ankajambula kumanja, pansi.

"Nakuuza chokapo!"

"Musiyeni," anatero sajeni.

Choyamba munalibe kanthu. Chachiwiri munalibe kanthu. Pa chachitatu, pansi penipeni pa mulu, panali chikwama cha zipi yothyoka chimene mwini wake anachimanga pakamwa ndi nsanza ya chitenje. Pampata wosakwana chala, pakati pa mfundo ziwiri, panali kadontho kowala ngati siliva.

Sajeni Lombe anakulitsa chithunzicho, nachionetsa kwa a Mpundu.

"Sinisecha vola va banthu. Nifuna ichi chimozi. Ni cha ndani?"

Anthu anali atadzaza kale kukhitchini mpaka pabwalo. Kenako khamulo linapatuka lokha, a Chibwe n'kudutsa pakati. Anagwada, nasolola chikwamacho pansi pa zinzake, namasula mfundo. Anatulutsa jekete ya buluu yokulungidwa bwino, naifungatira pachifuwa kanthawi, ndipo pokhapo anaitambasula. Envulopu ya khaki inagwera pa simenti.

"Mayo!" a Mpundu anagwira kumutu. "Chibwe, iwe?"

"Kawalala!" anakuwa wina kubwalo, ndipo mawuwo anayamba kuyenda m'khamu. Sajeni anaima pachitseko, natambasula manja.

"Aliyense abwerere kumbuyo! Ba Chibwe, mwana wa bene agona mu selo chifukwa cha imwe. Munafuna kugulisa nyumba?"

"Ninafuna kuishoka pa moto."

"Kushoka nyumba?"

"Pepala." A Chibwe analoza envulopu ija. "Nikanaishoka ku Kitwe, kumene kulibe maso. Za mwana uja ninalakwa. Ninaganiza bazamutulusa kuseni, poti palibe chamene bangamupeze nacho."

A Gloria anali atafika, atagwirizidwa ndi a Cathrine. Anali asanalankhule pagulu kuyambira tsiku la imfa, ndipo anthu atawaona anawapatsa njira.

"Mulamu," anatero motsitsa, "ine ninakulakwirani chani?"

"Palibe. Ndiye chifukwa chake." A Chibwe anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete. "Kabaso ananiuza ku chipatala, kutasala masiku yabili. Anati, sisita, ninachita chinthu choipa, ukachose envulopu Gloria asanaone. Mulamu, osatsegula pa banthu. Chonde, nakupapatani."

A Gloria anawerama okha, natola envulopu. Munali mapepala awiri. Loyamba linali chikalata chakale cha nyumba, chachikasu ndi ukalamba, cha dzina la Kabaso Ngosa. Lachiwiri linali loyera, la chaka chatha, losainidwa ndi malemu pamaso pa mboni ziwiri. Anawerenga milomo ikuyenda, nafika pansi, nayambiranso pamwamba.

"Angelina Kafula, wa ku Chawama," anawerenga mokweza. "Na mwana wake Abraham Ngosa, wa zaka zisanu na chimozi." Anakweza maso. "Nyumba yamene ninaumba njerwa zake na manja aya, anapasa aba? Ba Mpundu, mubaziba?"

A Mpundu anayang'ana pansi, ndipo kuyang'ana pansiko kunayankha.

A Chibwe anatambasula dzanja. "Nipaseni, mulamu. Mbaula ili apo. Palibe azakamba."

Maso onse anali pa namfedwa. Taonga anaganiza kuti alipereka pepalalo.

"Mukashoka iyi, uja mukazi ali na yake," anatero a Gloria. "Azabwera nayo siku lina, ine nilibe olo chonionesa chamene nilimbana nacho. Awe. Ba sajeni, mutuluse mufana wanga Tiza manje manje. Iyi nkhani izapita ku khoti, ndipo nizaimirira neka."

Anayala pepalalo pa thebulo la kukhitchini, nalisalaza ndi chikhatho. M'khitchinimo munali mdima, moti zilembo zing'onozing'ono za pansi sizinkaoneka. Anatembenukira kwa Taonga.

"Iwe mwana, bwera. Jambula iyi pepala isanasowe kachibili. Siginecha, deti, maina ya mboni, vonse vioneke."

"Muno muli mdima, amayi. Nizafunika..." Taonga anayang'ana a Cathrine.

A Cathrine anasuntha mphika umene unali pa thebulo, nagwira ngodya ya pepala kuti lisapindike.

"Yasha chimalaiti chako," anatero.